Chipinda Chimodzi ndi Apongozi

Nditakwatiwa ku Karonga, chinthu choyamba chimene apongozi anga aakazi anandiphunzitsa sichinali kuphika nthochi ndi nyama ayi. Chinali kuthawa. Kwathu ku Dowa apongozi timawalemekeza ndithu, timagwada, timapatuka m'njira, koma kwa Ankhonde mkamwana ndi apongozi aamuna saonana nkhope mpaka manda. Sudya ali pompo, suyamwitsa ali pompo, sulowa nyumba imene alimo, ndipo dzina lawo sulitchula ngakhale kutulo. Mukakumana mwangozi umalowa m'nthochi, chitenje kumutu, n'kudikira kuti adutse.

Ine ndinali mphunzitsi wotumizidwa ndi boma kusukulu ina kufupi ndi Mwenilondo, ndipo poyamba ndinaziona ngati sewero. Tsiku lina apongozi aakazi anandigwira ndikuseka. Anandilozera nyumba ina kuseri kwa minda ya chinangwa, kumene kunali ana atatu okula opanda mayi. Mayiyo anapezeka atakhala m'nyumba imodzi ndi apongozi ake aamuna pothawa mvula, anthu n'kuyankhulapo zawo, iye n'kubwezedwa kwawo ali chimanjamanja.

"Upulike makora, mwana wane," anatero, kundichenjeza kuti ndimvetsetse, poti ng'ombe za malowolo zinali zitapita kale kwathu. "Ng'ombe zikaluta kwanu, mwana ni withu. Ukalakwa ukupita wekha."

Mwana wanga wamkazi anali asanamere ndi dzino lomwe. Kuyambira tsiku limenelo sindinasekenso, ndinakhala katswiri wolowa m'nthochi.

Mwamuna wanga ndizimutcha akalaliki, poti udindowu ankaukonda kuposa dzina lobadwa nalo. Ankagwira ntchito muofesi ina ku boma, kudinda mapepala olembedwa ndi ena, koma mukawaona akutsika njinga mukanati chigawo chonse chili m'manja mwawo. Jekete ngakhale kutentha kwa Okutobala, tayi yothina, zolembera m'thumba la pamtima, ndi baji ya chipani yopukutidwa m'mawa uliwonse. Pakhomo ankayankhula mokweza, koma nkhani ikangokhudza boma mawu ankatsikira m'mimba, maso ali mwazumwazu kuyang'ana kudenga ngati mbewa nazonso zili ndi khadi la chipani.

M'zaka zimenezo kuwoloka Songwe sikunali kopepuka, chifukwa maboma awiriwa anakhala nthawi yaitali akuyang'anana ndi diso lofiira. Zitayamba kufewa, kunabwera uthenga wochokera ku Dar es Salaam. Mng'ono wawo wa apongozi aamuna, amene anapita kukagwira ntchito kudoko ali mnyamata osabwereranso, anali kudwala ndipo ankafuna kuona mkulu wake ndi mdzukulu. Mdzukulu woyamwa sayenda popanda bere, choncho inenso ndinalowa paulendo. Mlamu wanga wamkazi anayenera kutsagana nafe kuti azikhala pakati pa ine ndi apongozi, koma mapepala ake sanatuluke. Apongozi aakazi anafuna kuletsa zonse. Anavomera atamva kwa anthu odziwa kuti m'sitima ya kumeneko amuna amagona kwawo, akazi kwawo.

Akalaliki nkhani ya matenda anaiiwala tsiku lomwelo. Kuofesi, kutchalitchi, ngakhale kwa wometa, uthenga unali umodzi: "Ndikupita ndi banja langa ku holide, kunja. Tikaonanso nyama." Anabwereka kamera kwa mnzawo, anagula shuga ndi sopo wambiri, n'kusita jekete mpaka inayamba kunyezimira m'zigongono.

Kutsidya zinthu zinali zovuta, zimenezo sindingabise. Titangowoloka, azimayi anatizungulira atamva fungo la sopo, ndipo anagula sopo ndi shuga uja, n'kungotsala chitini chimodzi cha shuga, tisanapeze ndi basi yomwe. Matumba a jekete anatupa ndi ndalama za kumeneko, akalaliki nawo n'kutupa ngati finye. Masitolo anali otsegula, ogulitsa atakhala mwaulemu kuseri kwa kauntala, koma m'mashelefu munali machesi, polishi wa nsapato ndi fumbi. Chilichonse ungafunse yankho linali "hamna", kutanthauza kuti palibe. Mwamuna wanga mawuwa anawakonda kwambiri. Ankalowa sitolo iliyonse kukafunsa shuga, chitini cha shuga chili m'chikwama chake, kuti angomva munthu wamkulu akunena kuti hamna, kenako azituluka akuseka.

"Mwaona, Tata?" ankatero kwa bambo ake. "Dziko lopanda shuga! Kwathu zotere kulibe."

Ine kumbuyo, ndili m'chitenje changa, ndinkangoti mumtima: kwathu shuga ali m'sitolo inde, nanga m'nyumba mwathu amafika pakati pa mwezi? Mpunga wa bambo akewo unkagulidwa pamtengo umene palibe ankayerekeza kuufunsa. Koma mkazi wofunda kumutu alibe pakamwa. Filimu ya kamera ija anaifunafuna mpaka ku Mbeya, nayonso inali hamna, ndipo apa sanaseke. Kamerayo anaikolekabe m'khosi ili yopanda kanthu m'kati.

M'basi zinayenda bwino, apongozi kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni. Zinaonongekera pasiteshoni ya sitima. Wogulitsa matikiti, bambo waulemu wake, anafotokoza kuti amuna apita chipinda china, mayi ndi mwana china, pokhapokha ngati munthu wagula chipinda chonse. Anamutchula mwamuna wanga kuti "ndugu", ndiko kuti m'bale, monga ankatchulira aliyense kumeneko, nduna kaya wosesa.

"Ine si ndugu," anatero akalaliki m'Chingerezi chokuluwika. "Ndine ofisala wa boma."

Mawu akuti kugula chipinda chonse anawalowa ngati kachasu. Panali mzere wa anthu kumbuyo, ndipo anthuwo anayenera kuona Mmalawi akusolola mpukutu wa ndalama. Njanji ya eni ake inali itatikonzera kale mwambo wathu, mosadziwa komanso mwaulere. Munthu wobadwira m'mwambowo, woyamwa bere la Chinkhonde, ndi amene anatulutsa ndalama kuti auphwanye. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinalowa m'chipindamo poyamba, osadziwa kanthu, n'kumuika mwana pabedi. Munali mabedi anayi, awiri pansi awiri m'mwamba. Nditamva ndodo ya apongozi ikugogoda m'kanjira kopapatiza ka m'sitima, ndinaganiza kuti akudutsa. Ndodo inaima pakhomo. Ndinatembenukira kukhoma, chitenje kumutu.

"Mma," anatero apongozi, kukana kwa kwawo. Ayenera kuti anaona zidendene zanga, chifukwa ndinamva akutembenuka.

"Lowani, Tata," anatero mwana wawo. "Kuno n'kunja. Za kumudzi zatsala pa Songwe."

Sanalowe. Anakoka chitseko, n'kuima kunja atafulatira. Anali munthu wokalamba, miyendo yake itatha kale ndi madzi a m'minda ya mpunga, ndipo m'kanjiramo munalibe pokhala. Akati akhale pakathumba kawo, wodutsa aliyense ankawaimiritsa, ogwira ntchito m'sitima nawo n'kumawauza mwaulemu kuti mzee, ndiko kuti agogo, njira isatsekedwe. Sitima inanyamuka iwo ali chiimire, atagwira chitsulo cha pawindo.

"Bambo a mwana," ndinanong'ona, "pitani mukawapemphere malo kwa amuna anzanu."

"Ndagula chipinda chathunthu, ndikapemphenso malo ngati mmphawi?"

"Ndiye ine ndipite kwa azimayi."

"Mkazi wa ofisala akagone ndi ogulitsa nthochi? Akatopa alowa okha. Nkhalamba zimafuna kuziphunzitsa."

Pasipoti yanga inali m'thumba mwawo, pamodzi ndi matikiti ndi ndalama zonse. Ndinangotukwana chamumtima m'Chichewa cha kwathu chimene sankachidziwa.

Kudya kunali m'bogi ina, ya matebulo ndi mawindo akuluakulu. Ine kumeneko sindinapondeko, chifukwa kuti ndituluke ndinayenera kukhulana mapewa ndi apongozi. Pamene akalaliki anawatenga bambo awo kukadya ndi pamene nkhalamba inakhalako pansi, inenso n'kuthamangira kuchimbudzi. Akalaliki anandibweretsera mpunga wozizira ndi nyemba, pamwamba kachidutswa ka nkhuku imene mwina inafa ndi njala. "Idya uone umphawi," anatero, ngati kuti kwathu tinkadya nkhuku tsiku ndi tsiku.

Za kumatebulo anandiuza mayi wina wa m'chipinda choyandikana, wa kutsidya kwa Songwe komweko, amene chiyankhulo chake chinali chimodzimodzi ndi cha apongozi. Iye atangoona nkhalamba itafulatira chitseko anamvetsa zonse popanda womuuza. Analowa ndi nthochi zootcha, n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Pole, m'bale wanga," anatero pondipepesa. "Amuna ako atulutsa chitini cha shuga. Akuyenda tebulo ndi tebulo kuthira m'makapu a anthu, ngati wansembe wogawa mgonero. Ena akubweza makapu awo. Nkhalamba yadzuka isanamalize kudya."

Anandiuzanso china chimene chinandiseketsa ngakhale ndinali m'mavuto. Amuna a kumeneko, atakhuta tiyi, anayamba kudandaula za boma lawo mokweza, kutchula akuluakulu maina, wina kutsutsa, wina kuvomera, popanda woyang'ana kumbuyo. Kenako wina anatembenukira kwa mwini shuga. "Nanga kwanu, ndugu, mumati bwanji za wanu?" Akalaliki anagwira baji, anayang'ana kudenga, n'kukumbuka mwadzidzidzi kuti m'mimba mwawavuta. Munthu woseka eni dziko kuti alibe shuga anathawa funso la mwana wa sukulu.

Mayiyo anati nditha kupanikizana nawo m'chipinda chawo, ngakhale munali modzaza ndi ana ndi mitolo. Mwamuna wanga atamva anamuthamangitsa, ati akufuna kutibera. Apongozi anakana kubwereranso kumatebulo. Kunada, kunacha, akalaliki akuliza mkonono pabedi la m'mwamba, mabedi awiri ali opanda munthu, bambo awo ali kunja. Mayi uja anatsika m'mawa pasiteshoni ina, ndipo ndinatsala wopanda wondiyankhula.

Dzuwa litakwera, sitima inalowa m'nkhalango yosungira nyama. Uku ndiye kunali kuona nyama kumene tauni yonse ya Karonga inalonjezedwa. Akalaliki anadzola mafuta, anakoleka kamera yawo yopanda filimu, n'kupita kumatebulo kumene kunali anthu owaonerera. Ine ndinatsala ndikuyamwitsa, nditayang'ana khoma monga mwa masiku onse, poopa kuti chitseko chingatseguke ndi kugwedezeka kwa sitima.

Kenako ndinamva mawu kuseri kwa chitseko. Apongozi sakanandiyankhula ine, choncho anayankhula ndi mdzukulu wawo, khanda losadziwa ndi dzina lake lomwe. Ankamutcha mkazi wawo, monga amachitira agogo aamuna, ndipo anasankha Chichewa, chimene ankachiyankhula movutikira.

"Mkazi wane muchoko, uwauze amama wako ayang'ane pawindo. Kuli chinyama chitali khosi, chikudya m'mwamba."

Ndinatembenuka. Akadyansonga anali ataima pafupi ndithu, akutiyang'ana ngati ndife tabwera kudzaonedwa. Ndinali nditawaphunzitsa ana za nyama zimenezi kuchokera pachithunzi cha m'buku, osadziwa kuti zimayenda mwaulesi chotero. Ndinalira pang'ono, sindikudziwa chifukwa chake, mwina kutopa.

"Uwauzeso, kutsogolo kuli mbidzi. Zavala malaya ngati gha wakayidi. Ndipo tunjiri uto, michira m'mwamba, tukuthamanga ngati takumbuka ngongole."

Ndinaseka m'chitenje. Anapitiriza choncho, kumuuza mwana za njati, za nyumbu, za mmene anadutsira dziko lomwelo wapansi ali mnyamata popita kuminda ya khonje, akugona m'mitengo poopa mikango. Mawu awo anali otopa koma okondwa. Paulendo wonsewo, munthu amene anandionetsa dziko lachilendo anali yemwe sankaloledwa kundiyang'ana.

Sitima inaliza mluzu n'kugwira mabuleki mwamphamvu. Pambuyo pake ndinamva kuti njovu zinali kuwoloka njanji. Mawu a apongozi anadukira pakati, ndipo chinthu cholemera chinagunda chitseko n'kugwa. Ndinaitana mwamuna wanga, ndinaitana aliyense, koma anthu onse anali atathamangira kumapeto kwa bogi kukasuzumira njovu, akukuwa ndi chimwemwe. Ndinatsegula chitseko pang'ono. Pansi panali dzanja, ndodo, ndi magazi akuyenderera.

Ndinayang'ana mwana wanga pabedi. Ndinaona nyumba ija ya kuseri kwa chinangwa ndi ana ake atatu, ndipo ndinadziwa bwinobwino chimene ndikuika pachiswe. Ndinaitananso kamodzi. Palibe anabwera, ndiye ndinatuluka.

Anali opepuka ngati mtolo wa bango. Ndinawakokera m'chipinda, n'kuwagoneka pabedi limene mwana wawo analigula kuti likhale lopanda munthu. Chipumi chinali chitang'ambika, ndinachimanga ndi nsonga ya chitenje chomwe ndinkafunda. Nsapato zinali zitalowa m'mnofu, mapazi atatupa mpaka kung'aluka, ndipo ndinazivula movutika. Ndinawathira madzi kumaso. Aka kanali koyamba kuona nkhope ya munthu amene ndinali nditamuphikira chakudya chaka ndi chaka. Anali ndi makutu a mwana wanga.

Zikope zawo zinayamba kuphethira. Anamva manja a mkazi, anamva khanda likulira pafupi, ndipo anazindikira pamene ali. Sanatsegule maso. Anawatsinzina mwamphamvu mpaka makwinya anasonkhana, n'kukhala choncho nthawi yonse imene ndinkawamwetsa madzi ndi kuwakweza miyendo pathumba.

Akalaliki anafika akununkha mowa, akufotokoza za njovu asanalowe n'komwe. Anaima pakhomo. Sanafunse ngati bambo awo ali moyo.

"Ukuchita chiyani iwe? Funda! Ulibe manyazi?"

Ameneyo ndi munthu amene dzulo lake anati za kumudzi zatsala pa Songwe. Ndinanyamula mwana n'kutuluka, ndipo ulendo wotsalawo ndinaima ine m'kanjira muja.

Za Dar es Salaam musandifunse zambiri. Mng'ono wa apongozi nayenso ndi apongozi, choncho mzindawo ndinauonera kukhitchini, kumene azimayi ankadzuka m'mamawa kukaima pamzere wa ufa ndi mafuta, n'kubwera n'kutipatsa alendofe gawo lalikulu. Shuga analibe, koma mlendo sankagona ndi njala. Abale awiri aja anaonana onse ali chigonere, wina pabedi wina pamphasa, n'kucheza mpaka mawu kusasa. Pobwerera matikiti anagula mkazi wa mwini nyumba, ndipo anagula monga amagulira anthu anzeru zawo.

Titafika kumudzi apongozi anachita kuwatsitsa pangolo. Mapazi anali atasanduka zilonda, chipumi chili ndi chipsera. Apongozi aakazi anafunsa mwana wawo kuti munthu amene anachoka akuyenda yekha wabwera bwanji chonchi. Apa mwamuna weniweni akanagwada n'kunena za matikiti. Akalaliki anapeza njira yachidule.

"Mufunseni mkamwana wanu," anatero. "Ndinamupeza atawagwira Tata m'chipinda, mutu uli pamtunda."

Abale anaitanidwa. Anakhala pabwalo la nyumba, pansi pa mango, apongozi atawanyamulira pakhonde pampando. Ine malo anga anali kuseri kwa khoma la khitchini, mwana ali kumsana, kumene ndinkamva zonse osaoneka. Chinkhonde ndinali nditachidziwa mokwanira kumva mlandu wanga. Mwamuna wanga anayankhula nthawi yaitali, akusakaniza ndi Chingerezi kuti amalume ake aope. Anati sitima ya kumeneko ilibe dongosolo, anati iye anayesetsa, anati Achewa mwambo sawudziwa ndipo kuphunzira kumawonjezera mwano. Za chipinda chimene anagula ndi dzanja lake sanatchule. Wina anafunsa za ng'ombe zimene zinapita ku Dowa, wina anati mwana akhoza kuleka kuyamwa, wakula. 

Pomaliza mkulu wina anatembenukira kukhonde. Anati iwo sanaliko, mwini thupi anene yekha amene anamugwira.

Apongozi anatsokomola. Anthu onse pabwalopo anali Ankhonde, koma iwo anayankha m'Chichewa, mokweza, kuti khoma la khitchini limve.

"Ine m'sitima nkhayenda chiimire, kuwalo. Nkhagwa. Amene anandidzutsa sindinamuone, maso ndinatsinzina. Panji anali Mswahili, kaya." Anapuma. "Kweni amene panalibe ndikumudziwa makora. Ndinamubala ndekha."

 Akalaliki sindinawaone, koma mlamu wanga anandiuza kuti anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo. Mkulu uja anawafunsa ngati m'sitimamo munalibe pokhala.

Ndinamva mapazi akuzungulira khitchini. Anali apongozi aakazi, nkhope ili gwa. Anafika kumbuyo kwanga n'kuyamba kumasula mfundo ya mbereko. Mwana anachoka pamsana panga, pamene anali panazizira. Anamupukuta mamina ndi chala, anamuyang'ana m'maso, kenako anamubwezera pamsana pomwepo n'kumanga okha mfundo, yothina kuposa yanga.

"Ukumanga molekerera," anatero. "Mwana angagwe."